Chiphaso chimodzi, zigawo 50: nkhani ya mfuti zobisa ku America

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, komanso inu ang'onoang'ono amene mwaima kumbuyoko n'kumasuzumira, nkhani yanga ulendo uno ikuchokera kutali, ku United States of America. Ndi nkhani ya mfuti, koma musayembekezere zija za m'mafilimu a ku vidiyo shoo. Ndaisankha chifukwa ikufotokoza bwino mutu wina umene umatizunguza mu Social Studies, wa kusiyana kwa boma la fedulo ndi boma ngati lathu lino. M'kope timangolemba kuti fedulo ndi kugawana mphamvu pakati pa boma lalikulu ndi maboma a zigawo, basi tatha. Koma kugawana kumeneku kumamukhudza bwanji munthu wamba amene wangokwera galimoto yake n'kuwoloka mlatho? Werengani mpaka kumapeto, muona kuti kuwoloka mlatho kokhako kungamusandutse munthu womvera malamulo kukhala mkaidi.

Dziko limodzi, malamulo ambirimbiri

Kuno kwathu tili ndi Nyumba ya Malamulo imodzi ku Lilongwe. Ikapanga lamulo, limagwira ntchito chimodzimodzi kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Polisi nayo ndi imodzi. Ku America zinthu sizili choncho. Dzikolo lili ndi zigawo 50, zimene eni ake amazitchula kuti states, monga Texas, California, New York ndi Florida. Musazifanizire ndi zigawo zathu zitatu zija, chifukwa chigawo chilichonse kumeneko chili ndi bwanamkubwa wake wochita kusankhidwa, nyumba yake ya malamulo, makhoti ake ndi malamulo ake a milandu. Pamwamba pa zonsezi pali boma lalikulu ku Washington, lokhala ndi pulezidenti ndi nyumba ya malamulo yotchedwa Congress. Congress ili pawiri: House of Representatives ndi Senate.

Malamulo oyendetsera dziko la America anapereka ntchito zina ku boma lalikulu, monga asilikali, ndalama, ubale ndi mayiko ena ndi malonda odutsa malire a zigawo. Zotsalazo anazisiya m'manja mwa zigawo ndi anthu ake. Kusungitsa bata m'misewu ndi imodzi mwa ntchito zimene kuyambira kale zakhala za zigawo. Koma m'malamulo omwewo muli ndime ina yotchedwa Second Amendment, imene inavomerezedwa mu 1791, ndipo imateteza ufulu wa anthu wokhala ndi zida ndi kuzinyamula. Mwaona pamene pagona vuto? Ufulu ndi wa dziko lonse, koma woyang'anira msewu ndi mwini chigawo.

Kodi kunyamula mfuti mobisa n'kutani?

Tikunena za mfuti yaing'ono ya m'manja imene munthu amayenda nayo pagulu koma osaonekera: m'chiuno mkati mwa malaya, m'jekete kapena m'chikwama. Kusunga mfuti m'nyumba ndi nkhani ina, kupita nayo kosaka ndi nkhani inanso. Apa tikunena munthu amene waima nanu pamzera m'sitolo, mfuti ili m'chiuno, inu osadziwa kanthu.

Kwa zaka zambiri zigawo zinkatsata njira zitatu. Njira yoyamba inali yakuti akuluakulu a polisi kapena oweruza apereke chiphaso ngati iwo akhutira kuti munthuyo ali ndi chifukwa chapadera. Chitsanzo chake ndi New York, kumene lamulo lotchedwa Sullivan Act linayamba kufuna ziphaso mu 1911. Njira yachiwiri ndi yakuti aliyense amene wakwanitsa zofunika, monga msinkhu, kusakhala ndi mbiri ya milandu yaikulu, ndipo mwina maphunziro a kagwiritsidwe ntchito ka mfuti, azipatsidwa chiphaso popanda kumufunsa chifukwa. Florida itatenga njira imeneyi mu 1987, zigawo zambiri zinatsatira. Njira yachitatu ndi yopanda chiphaso n'komwe: ngati lamulo silikuletsa kukhala ndi mfuti, unganyamule. Vermont yakhala choncho kuyambira kalekale, Alaska inayamba mu 2003, Arizona mu 2010, ndipo pofika 2024 zigawo 29 zinali zitalowa m'gulu limeneli. Illinois ndiyo inali yomaliza kulola anthu wamba kunyamula mfuti mobisa, mu 2013, khoti litachita kuikakamiza.

Khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo, la Supreme Court, lalowererapo katatu pa milandu imene ndi bwino kuiloweza. Mu 2008, pa mlandu wa District of Columbia v. Heller, linagamula kuti ufulu wokhala ndi mfuti yodzitetezera m'nyumba ndi wa munthu payekha. Mu 2010, pa mlandu wa McDonald v. Chicago, linati zigawo ndi mizinda nazonso ziyenera kulemekeza ufuluwo. Ndipo pa 23 June 2022, pa mlandu wotchuka wa Bruen, oweruza 6 mwa 9 anagamula kuti New York singauze munthu kuti ayambe waonetsa chifukwa chapadera asanapatsidwe chiphaso. Njira yoyamba ija inathera pomwepo. Koma khotilo silinaletse zigawo kufuna ziphaso, ndiponso silinalamule kuti chigawo china chizivomereza chiphaso cha chinzake.

Kuvomerezana ziphaso

Apa ndiye pali mawu a Chingerezi amene mungakumane nawo, akuti reciprocity. Tanthauzo lake ndi losavuta: iwe ukalemekeza chikalata changa, inenso ndilemekeza chako. Laisensi yoyendetsera galimoto ya ku Texas imagwira ntchito ku New York popanda vuto, chifukwa zigawo zonse zimavomerezana malaisensi amenewa. Pa ziphaso za mfuti, chigawo chilichonse chimasankha chokha. Zina zimavomereza chiphaso cha kulikonse. Zina zimangovomereza cha zigawo zimene zinasainirana nazo pangano, kapena zimene malamulo ake akufanana ndi awo. Zina, monga New York, New Jersey ndi California, sizivomereza cha wina aliyense. Ndipo mndandandawu umasinthasintha: chigawo chikasintha lamulo lake, anzake akhoza kuleka kuvomereza ziphaso zake.

N'chifukwa chake anthu ena amatenga ziphaso ziwiri kapena zitatu. Utah ndi Florida zimapereka ziphaso ngakhale kwa anthu osakhala m'zigawozo, ndipo ziphasozo zimavomerezeka m'zigawo zambiri. Madalaivala a mathiraki ndi anthu ena oyendayenda amayamba aona mapu a malamulo asananyamuke, ngati mmene ife timafunsira ngati mlatho wa kutsogoloko sunakokoloke.

Lilipo lamulo lina la boma lalikulu, la 1986, limene limalola munthu kudutsa ndi mfuti m'chigawo chimene sichimulola, bola ikhale yopanda zipolopolo, yoikidwa pamalo osafikirika msanga monga m'buti mwa galimoto, ndipo kumene wachokera ndi kumene akupita zikhale zololedwa. Koma limenelo ndi lamulo la wodutsa. Silipereka ufulu woti munthu atsike n'kumayenda nayo m'chiuno.

Tsopano mverani zimene zinachitika mu October 2013. Mayi wina wa ana awiri wa mumzinda wa Philadelphia, m'chigawo cha Pennsylvania, anali ataberedwapo ndi achifwamba. Anagula mfuti mwalamulo n'kutenga chiphaso cha Pennsylvania. Philadelphia ndi New Jersey zangolekana ndi mtsinje wa Delaware, ndipo anthu amawoloka tsiku lililonse. Tsiku lina iye anawoloka, wapolisi wa pamsewu n'kumuimitsa pa kankhani kakang'ono ka kayendetsedwe ka galimoto. Mayiyo anaulula yekha kuti ali ndi mfuti, n'kuonetsa chiphaso chake. Anamangidwa pomwepo. Ku New Jersey chiphasocho chinali pepala wamba, ndipo lamulo la kumeneko linkati wopezeka wolakwa pa mlandu wotere akhale m'ndende zaka zosachepera zitatu ndi theka. Anakhala m'chitokosi masabata angapo. Nkhani itamveka dziko lonse, mu 2014 anamulola kulowa m'ndondomeko yopewera ndende ya anthu olakwa koyamba, ndipo mu April 2015 bwanamkubwa Chris Christie anamukhululukira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo n'zoona kuti kusadziwa lamulo sikupulumutsa munthu m'khoti. Komabe taganizani: munthu yemweyo, mfuti yomweyo, tsidya lino ndi nzika yabwino, tsidya ilo ndi chigawenga.

Apolisi anapeza lamulo lawo mu 2004

Vuto lomweli linkawagweranso apolisi. Ku America kulibe polisi imodzi ngati kuno. Kuli mabungwe a polisi pafupifupi 18,000, a mizinda, a maboma aang'ono, a zigawo ndi a boma lalikulu. Wapolisi wa ku Ohio akapita kutchuthi ku New York ankakhala munthu wamba pankhani ya mfuti. Mabungwe oimira apolisi, makamaka la Fraternal Order of Police, anadandaula kwa zaka zambiri. Ankati wapolisi amamanga anthu oopsa, ndipo anthuwo akatuluka m'ndende sayang'ana kuti bwana uja lero ali pa ofu kapena anapuma pantchito.

Congress inawamvera. Pa 22 July 2004 pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lotchedwa Law Enforcement Officers Safety Act, mwachidule LEOSA. Lamuloli limalola wapolisi woyenerera, kaya ali pantchito kaya anapuma, kunyamula mfuti mobisa m'chigawo chilichonse, ngakhale malamulo a chigawocho atakhala okhwima bwanji.

Koma mawu akuti woyenerera ali ndi zambiri. Amene ali pantchito ayenera kukhala wolembedwa ndi boma, wokhala ndi mphamvu zomanga anthu, wololedwa ndi abwana ake kunyamula mfuti, ndipo asakhale pa chilango chimene chingamuimitse ntchito. Ayenera kuyenda ndi chitupa cha kuntchito chokhala ndi chithunzi chake. Asakhale ataledzera kapena atamwa mankhwala ozunguza bongo. Amene anapuma ayenera kukhala atachoka bwinobwino, osati mochotsedwa ndi mbiri yoipa, ndipo akhale atagwira ntchito zaka zokwanira. Poyamba zinali zaka 15, koma mu 2010, nthawi ya pulezidenti Barack Obama, anazitsitsa kufika pa 10. Komanso wopumayo ayenera kukhala atakhoza mayeso owombera m'miyezi 12 yapitayo, molipira yekha. Mu 2013 anawonjezeramo apolisi a m'magulu a asilikali.

Lamuloli lilinso ndi malire. Silikhudza mfuti zoopsa zija zolavula zipolopolo motsatizana, ngakhalenso zipangizo zoziziritsa phokoso la mfuti. Mwini malo, monga mwini sitolo, akhoza kuletsabe mfuti pamalo ake ngati lamulo la chigawo limamupatsa mphamvuzo. Chigawo chikhozanso kuletsa mfuti m'nyumba ndi malo a boma lake. Chinanso chofunika kumvetsa n'chakuti LEOSA sipereka mphamvu zaupolisi kunja kwa dera la munthuyo. Wapolisi wa ku Ohio ali ku New York akhoza kunyamula mfuti yake, koma sanasanduke wapolisi wa New York.

Taonani chifukwa chimene lamuloli linadutsira. Anthu amene ankapatsidwa ufuluwu anali kale ophunzitsidwa, oyesedwa kawirikawiri, odziwika mayina ndi mabungwe awo. Zigawo zinalandidwa mphamvu pang'ono, koma zinkadziwa kuti mlendo wobwera ndi mfutiyo wadutsa pa sefa yodziwika. Mfundo imeneyi muisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Nanga anthu wamba?

Apolisi atapeza lawo, omenyera ufulu wa mfuti, motsogozedwa ndi bungwe la National Rifle Association, anati nafenso tipatseni. Akufuna lamulo la boma lalikulu lokakamiza chigawo chilichonse kuvomereza chiphaso cha chigawo china. Ayesa kangapo. Mu 2009 John Thune anabweretsa ganizoli ku Senate, linapeza mavoti 58, koma pankafunika 60 mwa 100. Mu 2011 House of Representatives inavomereza bilu yotere, Senate osaitenga. Mu 2013 ganizo la John Cornyn linapeza mavoti 57 ku Senate, n'kulepheranso. Pa 6 December 2017 House inavomereza bilu ya Richard Hudson wa ku North Carolina yotchedwa Concealed Carry Reciprocity Act, ndi mavoti 231 kwa 198. Apa n'kuti patangopita miyezi iwiri chichitikireni chiwembu cha ku Las Vegas, kumene munthu mmodzi anawombera ndi kupha anthu oposa 50 pa phwando la nyimbo. Biluyo inakafera ku Senate osavoteredwa. Aphungu akhala akuibweretsanso m'zaka zotsatira.

Bilu ya 2017 inali ndi mbali ziwiri zimene zinautsa mkangano kwambiri. Yoyamba, munthu wochokera m'chigawo chosafuna chiphaso akanaloledwa kunyamula mfuti m'zigawo zina popanda chiphaso chilichonse. Yachiwiri, chiphaso chotengedwa m'chigawo chimene munthu sakhalamo chikanagwiranso ntchito.

Mbali ziwiri za mkangano

Ofuna lamuloli amati ufulu wolembedwa m'malamulo oyendetsera dziko sutha munthu akawoloka malire a chigawo. Ufulu wolankhula ndi wopembedza umayenda nawe kulikonse, nanga uwu ulekerenji? Amati chakudza sichiimba ng'oma: wachifwamba sasankha chigawo, ndipo munthu amakhala pangozi kwambiri akakhala paulendo, kumalo osawadziwa. Amatinso malamulo osokonezawa amakola anthu oona mtima okhaokha, ngati mayi wa ku Philadelphia uja amene anaulula yekha, pamene chigawenga chenicheni sichipempha chiphaso kwa aliyense. Ndipo amabwerezabwereza chitsanzo cha laisensi ya galimoto.

Otsutsa, monga mabungwe a Everytown for Gun Safety ndi Brady, pamodzi ndi akuluakulu a polisi a m'mizinda ikuluikulu, amayankha kuti chitsanzo cha laisensi n'chopunduka. Kulikonse ku America munthu amayesedwa asanapatsidwe laisensi ya galimoto, ndipo zigawo zinavomerezana mwakufuna kwawo, palibe anazikakamiza. Ziphaso za mfuti n'zosiyana kutalitali. Chigamulo cha Bruen chitangotuluka, New York inapanga lamulo latsopano lofuna maola 16 a m'kalasi ndi maola 2 owombera munthu asanapatsidwe chiphaso, n'kuletsanso mfuti m'malo ngati Times Square. Zigawo zina sizifuna maphunziro alionse. Zina zimapereka chiphaso kwa wa zaka 18, zina mpaka 21. Zina zimakaniza munthu amene anapezekapo wolakwa pa milandu ing'onoing'ono ya ndewu, zina ayi. Ndiye otsutsawa amati lamulo lokakamiza likanachititsa kuti chigawo cha malamulo ofewa kwambiri ndicho chizilamulira dziko lonse. Mwana wobadwira ku New York azivutika ndi maphunziro, pamene mlendo wangofika dzulo akuyenda ndi mfuti mumsewu womwewo popanda kalikonse. Apolisi amawonjezera funso lawo: usiku pamsewu, wapolisi adziwa bwanji kuti chiphaso cha chigawo chakutali n'chenicheni, kapena kuti munthu wopanda chiphasoyo akunena zoona?

Chondiseketsa ine pa mkanganowu ndi ichi. Andale a chipani cha Republican, amene nthawi zambiri amati boma la ku Washington lisamalowerere za zigawo, pankhani iyi akufuna Washington ilamule zigawo. A chipani cha Democratic, amene pankhani zambiri amakonda lamulo limodzi la dziko lonse, apa akuti zigawo zisiyidwe zidzisankhire. Eti abale, mfundo za fedulo munthu amazikumbukira zikamamukomera.

Kodi mfuti zambiri mumsewu zimachepetsa umbanda?

Pansi pa mkangano wonsewu pali funso limeneli. America ili ndi anthu oposa 330 miliyoni, ndipo bungwe la Small Arms Survey linayerekeza mu 2018 kuti anthu wamba kumeneko ali ndi mfuti pafupifupi 393 miliyoni, kuposa chiwerengero cha anthu. Mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti m'dzikolo, malinga ndi bungwe la boma loona za umoyo la CDC, ndipo oposa theka la iwowa anadzipha okha.

Akatswiri akhala akutsutsana. Mu 1998 John Lott anatulutsa buku lonena kuti kulola anthu kunyamula mfuti kumachepetsa umbanda, chifukwa achifwamba amaopa. Mu 2004 gulu la akatswiri la National Research Council linaunika nkhaniyi n'kunena kuti umboni umene unalipo sunali wokwanira kutsimikizira zimenezo. Pambuyo pake John Donohue wa pa yunivesite ya Stanford ndi anzake anapeza zotsutsana ndi za Lott: m'zigawo zimene zinafewetsa ziphaso, milandu ya chiwawa inakwera ndi 13 mpaka 15 peresenti patatha zaka 10, poyerekeza ndi mmene zikanakhalira. Phunziro kwa ife a kalabu ya debate ndi lakuti munthu akakuuzani kuti kafukufuku wapeza zakutizakuti, mufunseni kuti kafukufuku wake uti, wa chaka chiti, ndipo ena anamuyankha chiyani.

Pafupi ndi sukulu

Poti ndife ana asukulu, nali lamulo lotikhudza mtima. Mu 1990 Congress inaletsa kukhala ndi mfuti pasukulu ndi pamtunda wa mafiti 1,000 kuzungulira sukulu, amene ndi mamita pafupifupi 300. Mu 1995, pa mlandu wa United States v. Lopez, Supreme Court inathetsa lamuloli. Oweruza sananene kuti mfuti pasukulu n'zabwino. Anati Congress inadumpha malire a mphamvu zake n'kulowa m'munda wa zigawo. Mu 1996 Congress inalikonza n'kulibwezeretsa, polimangiriza ku mphamvu zake zoyang'anira malonda odutsa malire. Lamuloli limapatula munthu amene ali ndi chiphaso cha chigawo chimene sukuluyo ili. Ndiye mlendo amene chiphaso chake cha kwawo chikuvomerezeka m'chigawomo akhoza kupezekabe atalakwira lamulo la boma lalikulu pongodutsa pafupi ndi sukulu. Mwaona mmene malamulo awiri amapiringizana pamutu pa munthu mmodzi?

Kwa inu amene mumalota zokaphunzira ku America, dziwaninso ichi: lamulo la boma lalikulu limaletsa alendo olowa ndi viza ya kanthawi, monga ya sukulu, kukhala ndi mfuti, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa. Mnzanu wa kumeneko akadzakupatsani yake kuti mumusungire, mudzakane.

Maganizo anga

Ine ndikuona kuti mayi wa ku Philadelphia uja sankayenera kuopsezedwa ndi zaka zitatu ndi theka. Chilango chizisiyanitsa munthu wosokonezeka ndi malire ndi munthu wopita kukaba. Koma vuto limenelo likhoza kukonzedwa pofewetsa chilango cha munthu wotere ndi kulengeza malamulo momveka bwino, popanda kulanda chigawo chonse ufulu wosankha amene angayende ndi mfuti m'misewu yake.

Ngati America ikufunadi chiphaso chogwira ntchito paliponse, njira inaonekera kale mu 2004. Apolisi sanangopatsidwa ufulu chabe. Anauzidwa zaka zoti agwire ntchito, mayeso a chaka ndi chaka, chitupa cha chithunzi ndi kusaledzera. Muyezo umodzi unabwera limodzi ndi ufuluwo. Bilu ya 2017 inkafuna ufulu wa dziko lonse popanda muyezo wa dziko lonse, ndipo pamenepo ndi pamene ine ndikusiyana nayo. Walira mvula walira matope: wofuna kuti chiphaso chake chilemekezedwe ku New York avomerenso kuyesedwa mokhutiritsa anthu a ku New York. Vuto n'lakuti ambiri mwa ofuna lamuloli safuna kuti boma lalikulu liziika miyezo ya ziphaso, poopa kuti mawa lidzaikhwimitsa. Apa ndiye pamene nkhaniyi yakhala ikutitimira zaka zonsezi.

Kuno kwathu mkangano wa mfuti wotere kulibe, chifukwa lamulo la mfuti ndi limodzi dziko lonse ndipo munthu wamba sangakhale nayo popanda chilolezo cha boma. Koma mkangano wa fedulo ulipo. Mwamvapo pa wailesi anthu ena akupempha kuti Malawi akhale wa fedulo kuti chigawo chilichonse chizidziyendetsera chitukuko. Nkhani ya ku Americayi ikutionetsa mbali zonse ziwiri za ndalama. Ubwino wake ndi wakuti anthu a mumzinda wothithikana ngati New York ndi anthu a kumidzi ya ku Alaska, kumene zimbalangondo zimayenda pafupi ndi nyumba za anthu, akhoza kukhala ndi malamulo ogwirizana ndi moyo wawo. Mtengo wake ndi wakuti malire amene pamapu ndi kamzera chabe amasanduka msampha kwa munthu wapaulendo, ndipo pamafunika makhoti ndi mapangano osatha kuti zigawo zimvane. Mukadzafunsidwa pa mayeso ubwino ndi kuipa kwa boma la fedulo, musadzangolemba mitu yoloweza. Perekani chitsanzo, ndipo ichi mwachipeza chaulere.

Mafunso oti tikambirane pa buleki

1. Tchulani njira zitatu zimene zigawo za ku America zakhala zikutsata popereka ufulu wonyamula mfuti mobisa. Ndi iti imene inathetsedwa mu 2022?

2. N'chifukwa chiyani wapolisi wopuma pantchito amayenera kuyesedwanso miyezi 12 iliyonse kuti LEOSA imuteteze?

3. Kodi kufanizira chiphaso cha mfuti ndi laisensi ya galimoto n'koyenera? Perekani chifukwa chimodzi chovomereza ndi chimodzi chotsutsa.

4. Mukanakhala woweruza ku New Jersey mu 2013, lamulo likunena zaka zitatu ndi theka, mayi uja ali patsogolo panu, mukanatani?

5. Malawi atakhala wa fedulo, ndi malamulo ati amene mungafune kuti akhalebe amodzi dziko lonse, ndipo ndi ati amene mungasiyire zigawo?

Amene mukutsutsana nane, makamaka pa funso lachinayi ndi lachisanu, lembani yankho lanu papepala loyera mupereke kwa akonzi a bolodi lino. Kulemba ndi bolopeni m'mphepete mwa pepala langali ayi, chonde, ena sanawerenge.